Funsani Azakhali: Ngale zadzadza chitini, ndigulitse bwanji?

Mwezi uno mauthenga anu ambiri agwera pa nkhani imodzi, ya mikanda ndi ndolo za ngale, kaya nchifukwa choti nyengo ya maukwati yayandikira kaya ndi zithunzi zija zikuzungulira pa WhatsApp zolembedwa kuti "orijino ya ku Dubai". Ndasankhapo asanu, enanu mafunso anu akufanana ndi omwewa ndiye muwerenge pompano.

Azakhali, ine ndine mphunzitsi kuno ku Ulónguè. Chiyambire utsikana wanga ndimakonda mikanda ndi ndolo za ngale, zina ndinkatola pa kalamidade (kaunjika) akangomasula belo, zina ndinagula ku Beira ndi ku Lilongwe, zina ndi mphatso. Pano zadzadza chitini cha mabisiketi ndipo bambo akunyumba akuti ndalama zikungogona m'chitini pomwe feteleza wa mbatatesi sitinagule. Mnzanga wa pa xitiki (chipereganyu chathu) akuti ngale zimakwera mtengo chaka ndi chaka monga golide, nde ndisunge kaye. Ine ndikufuna ndizigulitsako zina nkumagulanso zina, kakhale kageni kapambali. Ndiyambire pati, nanga mtengo ndiziika bwanji? — Mphunzitsi, Ulónguè

Aphunzitsi, mnzanu wa pa xitikiyo mukampatse moni wanga koma apa waphonya. Golide ali ngati chimanga, ali ndi sikelo ndipo ali ndi mtengo wa tsiku, olo mphete itapindika kapena ndolo itatsala imodzi wogula amangoika pa sikelo nkukuwerengerani magalamu basi. Ngale ilibe zimenezo. Simungaisungunule, simungaipime nkunena kuti galamu ndi mwakuti, mtengo wake ndi umene mayi waima patsogolo panuyo akulolera kutulutsa lero chifukwa yamukhala pakhosi. Ndipo mkanda umene munagula mu loja unatsika mtengo tsiku lomwelo munatuluka nawo, chifukwa mu ndalama munaperekazo munali lendi ya loja, malipiro a wogulitsa, msonkho, kabokosi kokongola kaja, zonsezo munthu wachiwiri sangakubwezereni.

Maganizo oti ngale ndi chuma chosunga ndi akalekale, ndipo nthawi imeneyo anali oona. Kale ngale zinkapezeka mwamwayi, anthu ankamira pansi pa nyanja ku Bahrain ndi ku Sri Lanka uko kukatola nkhono za zigoba ziwiri zija, kutsegula mazanamazana kuti mwina apezemo kamodzi kooneka bwino. Mu 1917 kampani ya Cartier inapeza nyumba yonse yosanja pa Fifth Avenue ku New York posinthanitsa ndi mkanda wa ngale wa mizere iwiri umene unkawerengedwa madola 1 miliyoni. Mkanda womwewo atadzaugulitsa mu 1957 unangopita cha m'ma madola 150,000, pomwe nyumbayo mpaka lero a Cartier akugulitsiramo katundu. Chinachitika pakatipa nchakuti anthu anaphunzira kulima ngale. Kokichi Mikimoto wa ku Japan anatulutsa zake zoyamba mu 1893, zinali zatheka chabe zomatirira ku chigoba, koma pofika m'ma 1920 zobulungira bwinobwino zinali zitalowa m'misika ya ku Ulaya. Amatsegula nkhono pang'ono, kulowetsamo kampira kakang'ono ka chigoba pamodzi ndi kachidutswa ka mnofu wa nkhono ina, nkuibwezera m'madzi, iyo nkumakuta kanthuko pang'onopang'ono ndi zonyezimira zija zili mkati mwa chigoba, chaka kapena zaka zingapo. Kenako China inalowapo ndi nkhono za m'madamu a madzi opanda mchere, kumene nkhono imodzi imatha kubala ngale 20 kapena kuposa, ndipo tauni ya Zhuji m'chigawo cha Zhejiang ndiyo msika wake waukulu. Ndiye zenizeni zimene zili m'chitini mwanumo, ngati zilimo, zambiri ndi za ku China zimenezi. Ndi zenizeni ndithu, nkhono inabala, koma sizosowa, chaka chilichonse akukolola matani.

Kuti ndisamulakwire mnzanuyo, pali zina zinakweradi. Kuyambira 2019 nkhono za mtundu wa akoya zinafa zambirimbiri ku Ehime ndi ku Mie ku Japan, ogula a ku China nawo nkuzithamangira, mitengo ya akoya yabwino inakwera. Koma zimenezo ndi ngale zapamwamba zokhala ndi mapepala ake, zogulitsidwa ku Kobe ndi ku Hong Kong, osati za pa belo pa Lizulu.

Geni yake ilipo, musagwe mphwayi. Kungoti phindu lake lagona pa diso lanu tsiku lotola, pamene mwini mulu akuti "zonsezo 150 iliyonse mayi" osadziwa kuti pakati pa mapulasitiki aja pali umodzi weniweni, ndiponso pa manja anu, kuutsuka, kuutunganso ulusi watsopano, kuuikira kotsekera kabwino. Mukamagula mu loja pa mtengo wa loja kuti mudzagulitsenso ku Ulónguè, pamenepo mukugwirira ntchito eni loja.

Loweruka lina khuthulani chitini chonse pa nsalu yoyera pafupi ndi windo, mupange milu itatu. Mulu woyamba ndi zimene mtima wanu sungalole, ya pa ukwati wanu, yopatsidwa ndi malemu, izo bwezerani ndipo musazijambule nkomwe, chifukwa mukazijambula wina adzatchula ndalama, mudzagulitsa, nkumadzalira mukauona pakhosi pa mnzanu kutchalitchi. Mulu wachiwiri zenizeni, wachitatu zagalasi ndi zapulasitiki (kasiyanitsidwe kake ndawayankha bambo a ku Moatize m'munsimu). Wachitatuwo musaunyoze, mwina ndi umene uyambe kutha, atsikana operekeza mkwatibwi amafuna mikanda 6 yofanana yotchipa, safuna mbiri ya nkhono. Chachikulu muzigulitse monga momwe zilili. Ulónguè ndi yaing'ono aphunzitsi, mukamugulitsa nesi galasi mukuti ngale, utoto ukayamba kusupuka nkhaniyo idzafika ku sukulu kwanu inu musanafike.

Pa mulu wa zenizeniwo choyamba kuyang'ana ndi kuwala. Tengani ngale imodzi muiyandikize ku diso mutapatsa windo msana pang'ono, yabwino mumaonamo windolo, mpaka mafelemu ake, mwinanso mutu wanu womwe. Yotsika imangoti mbuu, kuwala kwake kobalalika. Kangale kakang'ono kowala kamaposa chingale chachikulu chozimirira, ndipo makasitomala olo asadziwe kufotokoza dzanja lawo limapita pa yowalayo. Kenako kukula, rula yanu ya m'kalasi ikwanira, zambiri zimakhala mamilimita 6 mpaka 8, zikadutsa 9 nkukhala zobulungira mtengo umalumpha osati kukwawa. Kenako khungu lake, timabala ndi timizere tozungulira timatsitsa mtengo, komanso ngati ngale za mu mkanda umodzi zikugwirizana mtundu ndi msinkhu. Zooneka ngati mpunga kapena zopindikapindika ndi zotchipa, komabe masiku ano atsikana a ku Tete akuzikonda zopindikazo, musaziponye pansi pa chitini.

Mtengo muyambire pa intaneti, fufuzani mkanda watsopano wofanana ndi wanu, mtundu womwewo msinkhu womwewo, madola akewo muchulukitse ndi 64 kapena pamene dola ili tsiku limenelo. Wanuwo ndi wovalidwa kale ndiye utsike, kawirikawiri ndi theka, kenako muonjezerepo kangachepe koti wogula anenerere chifukwa kuno munthu akagula osanenerera amaona ngati wabeledwa. Zimene munalipira inu mu 2015 wogula alibe nazo ntchito.

Mkanda woduka musataye. Wa masentimita 45 wa ngale za mamilimita 7 umakhala ndi ngale pafupifupi 60, ndiye mukagula tingowe ta ndolo ndi timawaya take mumatulutsamo ndolo zolendewera mapeya ambirimbiri ndi kachibangili pamwamba, ndipo kuno ndolo za 300 kapena 400 metikali zimayenda msanga kuposa mkanda wa 4,000 umene aliyense amangouyesa pakhosi, kudziyang'ana pa foni, nkuti ndibwera kumapeto kwa mwezi.

Pojambula, masana pa mthunzi, pakhosi pa munthu kapena pa kapulana ya mtundu umodzi, opanda fyuluta, ndipo kabala ngati kalipo mukajambulenso. Nthawi zake mukuzidziwa kale, sabata ziwiri tisanafike pa 7 Epulo amayi akamasoketsa makapulana a Tsiku la Amayi, nyengo imene ndalama za fodya ndi mbatatesi zalowa, ndi Disembala. Januwale ndi Febuluwale tsekani chitini.

Koma chimene ndikuopa kwa inu si makasitomala ayi, ndi inu nomwe. Munthu wokonda chinthu akayamba kuchigulitsa amapeza chifukwa chatsopano chogulira zambiri, "iyi ndikagulitsa", mapeto ake zitini ziwiri. Mpamba wa geni imeneyi uchokere m'chitini momwemo, mwagulitsa za 2,000 mugule za 1,000, ya malipiro ndi ya xitiki isalowemo. Ndipo ndalama yoyamba kagulireni bambowo thumba la feteleza, mudzaona azidzakuuzani okha kuti ku msika kwamasulidwa belo.

Azakhali, ndinawagulira mayi akunyumba mkanda wa ngale zakuda kwa munthu wina wa pa WhatsApp, anati ndi za ku Tahiti, ndinatumiza 1,800 pa M-Pesa. Sipanathe miyezi itatu zayamba kusupuka pafupi ndi ulusi, mkati mukuoneka moyera. Mayi sakundiyankhula bwino. Kodi ngale yeniyeni imasupuka? Ndingadziwe bwanji ulendo wina? — Bambo wokhumudwa, Moatize

Pepani bambo, mwagula mikanda yagalasi kapena yapulasitiki yopakidwa utoto. Ngale yeniyeni imatha kukalika kapena kuzimirira ikakalamba koma siisupuka chikopa nkuonetsa mpira woyera wosalala mkati pa miyezi itatu. Ndipo mtengowo ukanakuchenjezani, ngale zakuda za ku Tahiti zimalimidwa mu nkhono yaikulu ya milomo yakuda ku zilumba za French Polynesia, nkhono imodzi ngale imodzi pa ulendo, zambiri zimakhala mamilimita 8 mpaka 14, ndipo mkanda wathunthu ndi nkhani ya madola mazana angapo kukafika masauzande. 1,800 metikali sikwana olo madola 30. Komanso sizikhala zakuda bii zonse mofanana, zimaonetsa kubiriwira, kotuwa, kofiirira, iliyonse mwayokha.

Ulendo wina musatumize ndalama musanagwire katundu, ndipo mukagwira chitani izi. Tengani ngale ziwiri za mu mkanda womwewo muzikhuze pang'onopang'ono. Zenizeni zimagwirana, mumamva kamchengamchenga m'zala, nthawi zina pamatsala kaufa koyera kamene mukapukuta ndi chala sipaoneka bala. Zabodza zimatererana. Ena amakhuza pa dzino lakutsogolo, ndi chimodzimodzi, koma za pa kalamidade zimene simukudziwa zadutsa kuti ine sindingakuuzeni muziike mkamwa. Kenako kokani ulusi pang'ono muyang'ane pa kabowo, ngati muli ndi lupa, kagalasi kokuza zinthu kaja amagwiritsa okonza mafoni, ndi bwino kwambiri. Kabowo ka ngale yeniyeni kamakhala kakang'ono, m'mphepete mwake mwakuthwa bwino. Ka yabodza kamakhala kotakasuka, utoto utaunjikana mozungulira kapena utayamba kale kunyotsoka, ndipo pena mumaona galasi likusuzumira. Yang'ananinso mkanda wonse, ngale 50 zonse zofanana ndendende, kukula kumodzi mtundu umodzi popanda kachilema olo kamodzi, pa mtengo wa mbuzi yaing'ono, zimenezo zatuluka mu makina. Yapulasitiki imapepuka ndipo siizizira mukaigunditsa pa tsaya, yagalasi ndiye imalemera ndi kuzizira monga yeniyeni, ndiye kulemera kokha musakudalire.

Palinso chinyengo china chochenjera kuposa chimene mwakumana nachochi, ngale zenizeni za ku China zotchipa kuzinyika mu utoto wakuda nkumati za ku Tahiti. Zimenezo pokhuza zimakhoza mayeso chifukwa ndi ngale ndithu. Zimagwidwa pa kabowo pomwepo, utoto umadera kwambiri mkati mwa bowo ndi m'timing'alu, nthawi zina ulusi womwe umada, komanso zimakhala zazing'ono ndi zosabulungira kwenikweni. Kuvala zilibe vuto, vuto ndi kulipira mtengo wa dzina la eni.

Za kuotcha ndi machesi kapena kuviika mu viniga zimene anthu amauzana, musayese pa katundu wa mwini, yeniyeniyo ndi imene imaonongeka. Mayiwo auzeni zoona kuti munapusitsidwa, ulendo wina mupite nawo akasankhe okha.

Azakhali, agogo anga aakazi ankagwira ntchito m'nyumba ya Apwitikizi ena kuno ku Furancungo, pochoka mu 1975 dona wake anawasiyira mkanda wa ngale. Agogo anamwalira, mkandawo uli ndi ine. Ngale zake ndi zachikasu pang'ono, zazing'ono kumapeto yaikulu pakati, pakati pa ngale iliyonse pali mfundo. Bambo wina wogula golide wauona akuti andipatsa 3,000 pompo. Msuweni wanga akuti ngale zakale ndi za mamiliyoni. Ndimvere ndani? — Mdzukulu, Furancungo

Mwana wanga, onse awiri usawamvere kaye. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Wogula golide sagula ngale, amene uja waona kotsekera. Tembenuza kachitsulo kotsekerako uyang'ane kuseri kwake kapena pa kalilime kolowa mkati, pamakhala tinambala tating'ono kwambiri. Ukaona 800 pa chitsulo chachikasu ndiye golide wa Chipwitikizi amene uja, wa makarati 19.2, kutanthauza kuti pa magawo 1,000 alionse 800 ndi golide weniweni. 750 ndi makarati 18, 585 ndi makarati 14. Pa chitsulo choyera 925 kapena 833 ndi siliva. Zilembo GP kapena GF ndiye kuti golide anangokutira pamwamba. Golide wakwera kwambiri zaka zino, moti pa mikanda yambiri yakale kotsekera kamaposa ngale zonse pamodzi, ndipo bamboyo akagula adzadula ulusi, kotsekera mthumba, ngalezo mwina kupatsa ana aziseweretsa. Ngati pali nambala ya golide, ukapita ku Tete ukapimitse malo awiri osiyana, pamaso pako, mkanda usachoke m'manja mwako kupita kuseri kwa kauntala.

Tsono ngalezo. Mmene wafotokozeramu, zazing'ono kumapeto yaikulu pakati ndi mfundo pakati, ndi kapangidwe kamene kanali kofala kwambiri zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ndipo madona a nthawi imeneyo ambiri ankavala mitundu iwiri. Wina ndi akoya zolimidwa ku Japan, zenizeni, zimene zikakhala zowalabe zili ndi mtengo wabwino ndithu koma wa masauzande osati mamiliyoni. Ukaona pa kotsekera chilembo M chili mkati mwa kachithunzi ka chigoba, chimenecho ndi chizindikiro cha Mikimoto, pamenepo usagulitse kwa munthu woyenda ndi sikelo mthumba, dzina limenelo lili ndi ogula ake ku Maputo ndi ku Johannesburg. Mtundu wina ndi Majorica, zopangidwa ku chilumba cha Mallorca ku Spain, kampani yake inayamba mu 1890, ndi timipira tagalasi tokutidwa mwaluso kwambiri, nazonso amazimanga mfundo ndi kuziikira kotsekera kabwino moti anthu ambiri amasunga zaka 50 akuyesa ndi za nkhono. Khuza ziwiri monga ndawauzira bambo a ku Moatize, Majorica imaterera.

Msuweni wakoyo akunena za ngale zachilengedwe, zimene nkhono inapanga yokha popanda dzanja la munthu. Zilikodi ndipo dziko lathu lomwe lino linali nazo, zilumba za Bazaruto zinkadziwika ndi ngale kalekale amalonda a m'nyanja akamadutsa ku Sofala. Mu Novembala 2018 ku Geneva ngale imodzi yolendewera imene inali ya mfumukazi Marie Antoinette ya ku France inagulidwa madola 36 miliyoni, koma pamenepo anthu ankagula dzina la mwini wake ndi mbiri yolembedwa ya zaka zoposa 200. Kusiyanitsa yachilengedwe ndi yolimidwa ndi maso sikutheka, olo dzino silithandiza, amaunika ndi X-ray m'malabu monga GIA, SSEF ya ku Basel kapena DANAT ya ku Bahrain, ndipo kutumiza ndi kulipira kumeneko kungadye ndalama yoposa mkanda wa masiku onse. Dona wa ku Furancungo amene ankathawa ndi masutikesi, mkanda wa mamiliyoni akanauika pakhosi pake, sakanasiya. Ndikutero osati ponyoza mphatso ya agogo ako ayi.

China chimene sunandifunse. Mkandawo uli ndi iwe, koma ndi wako? Katundu wa agogo aakazi kwathu kuno ali ndi eni ake, amayi ako, amayi aang'ono, ndipo amalume ayenera kumva. Ukagulitsa mwakachetechete 3,000, msuweni yemweyo adzalengeza pa maliro ena kuti unadya mamiliyoni a mbumba yonse ndipo palibe adzakhulupirire nambala yako. Uwaonetse onse, mupimitse limodzi, mugwirizane. Ulusi wa zaka zimenezo watha mphamvu, usauvale usanautungenso.

Titiya, mikanda yanga yoyera yayamba chikasu ndipo siikuwalanso, ndimasunga mu kapulasitiki pamwamba pa wadirobu. Ndikufuna ndiigulitse. Ndiviike mu javel (mankhwala oyeretsera zovala) kapena mandimu kuti iyere? — Mtsikana wa ku Matundo, Tete

Iii mwana iwe, usayerekeze. Ngale ndi laimu wa chigoba womatidwa ndi zomatira za nkhono yomwe, chilichonse chowawasa chimaidya, mandimu, viniga, ndipo javel ndiye amaipha kuwala kosabwereranso. Mankhwala otsukira mano ndi phulusa zimaikala. Ndi yofewa, pa muyeso wa kulimba kwa miyala wa Mohs umene umalekeza pa 10 ngale ili pakati pa 2.5 ndi 4.5, pomwe mchenga uli pa 7, ndiye fumbi la mu Tete lomweli ukalipukuta mwamphamvu pa ngale youma ukuikala.

Chakuonongera ndi malo osungira. Pamwamba pa wadirobu pansi pa malata, mu Okutobala ndi Novembala kunja kukupitirira madigiri 40, mu pulasitiki yotseka, ngale imauma nkuchita chikasu. Tenga kansalu kofewa konyowa ndi madzi oyera, kadontho kamodzi ka sopo wosanunkhira, pukuta imodziimodzi, pukutanso ndi konyowa kopanda sopo, uyale pa thaulo pa mthunzi mpaka ulusi uume, osaupachika ukadali wonyowa chifukwa umatamuka. Litsiro la thukuta ndi mafuta lichoka ndipo kuwala kwina kubwerera, koma chikasu cholowerera sichichoka kunyumba. Uigulitse monga ya mtundu wa kirimu, pa khungu lathu imakhala bwino kuposa yoyera mbee. Yotsalayo uzisunga m'kathumba ka nsalu, pansi m'dirowa, payokha osasakaniza ndi matcheni, ndipo povala iziyamba perefyumu ndi mafuta ndi zopopera tsitsi, ziume, mkanda pomaliza.

Azakhali, ine ndimagulitsa mafoni ndi zotchaja pa Zóbuè, akazi anga amakonda ngale ndipo ali nazo zingapo. Taona pa intaneti kuti ku China mikanda ya "AAAA" ikutchipa kwambiri, tikufuna tiode yambiri tizigulitsa kuno ndi ku Mwanza. Vuto makasitomala a kuno amakonda ngongole ndipo a ku Malawi amalipira makwacha. Mutilangize. — Wageni, Zóbuè

Achimwene, ma A amenewo asakutengeni mtima. Palibe lamulo la dziko lonse lonena kuti AAA ndi chiyani, wogulitsa aliyense amadzipatsa yekha malikisi, nchifukwa chake pano mukuona AAAA mpaka AAAAA, mawa adzafika pa 10. Zithunzi zawonso amajambula mkanda wabwino kwambiri pa gulu lonse pansi pa magetsi amphamvu. Odani umodzi kapena iwiri kaye kwa ogulitsa osiyana, pemphani vidiyo ya masana ya mkanda weniweniwo umene atumize, ukafika mayi akunyumba aukhuze ndi kuuyang'ana pa windo popeza diso ali nalo kale. Muonetsetsenso mawu olembedwa pa malondawo, akalemba kuti ndi ngale za chigoba ndiye kuti ndi timipira topangidwa ku fakitale kuchokera ku chigoba nkupakidwa, sizinatuluke mu nkhono. Komanso yambiri yotchipayo imabwera pa kaulusi kongogwirizira, yopanda mfundo yopanda kotsekera, ntchito yotunga ndi yanu. Mfundo zija si zokongoletsa chabe, zimaletsa ngale kukhuzana, ndipo ulusi ukaduka pa chapa (minibasi) imagwa imodzi osati zonse 60 pansi pa mipando. Mayiwo aphunzire kumanga, ndi singano yopyapyala ndi ulusi wa silika kapena wa nayiloni wofewa, madzulo awiri atatu dzanja lizolowera, ndipo kutungira anthu ena mikanda yawo yoduka ndi kandalama kena kosafuna mpamba.

Powerengera mtengo musaiwale kuti wa pa sikirini uja si umene mulipire. Pali kutumiza, pali a alfândega (a kasitomu), pali msonkho wa IVA umene pano uli pa 16 peresenti, pali ulendo wanu wokatenga katundu ku Tete. Sungani fatura iliyonse, ndipo mukayamba kuoda zambiri NUIT yanu, nambala yanu ya msonkho ija, ikhale pafupi, inu a pa boda mukudziwa kale kuti katundu wopanda pepala amathera kuti. Kuoloka nazo kupita ku Mwanza kukagulitsa ndi malonda ndithu, ku mbali inayo nakonso ali ndi malamulo awo, funsani pa ofesi musananyamule chikwama chodzadza.

Za makwacha, mtengo wanu uzikhala mu metikali, wa makwacha muziwerengera tsiku lomwelo wogula akulipira. Mukumbuka Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti usiku umodzi, amene anali ndi ngongole zawo kwa anthu a ku Mwanza analandira mapepala omwewo koma ogula zochepa.

Ngongole ndiye ayi, makamaka pa katundu uyu. Foni munthu akalephera kulipira mumalanda nkugulitsanso, koma mkanda umatengedwa Lachisanu, kuvalidwa pa ukwati Loweruka, kuthiridwa perefyumu ndi thukuta la gule, Lolemba nkubwera nawo kuti bambo akunyumba akana. Wofuna kulipira pang'onopang'ono apereke theka pa M-Pesa kapena e-Mola, mulembe dzina lake pa kathumba, katundu akhale kwa inu mpaka amalize, ndipo mugwirizane tsiku lomaliza pamaso pa mboni. Ofuna za tsiku limodzi aja musawathamangitse, asungireni mikanda yagalasi 6 kapena 8 yofanana yobwereketsa pa maukwati, alipire ya tsikulo ndi chikole chokwana mtengo wa mkandawo, akabweza muwerenge ngale zake asanachoke pa kauntala.